Kumtunda ndi Kumunsi: Nyumba, Matenda ndi Imfa m'Mbiri ya Lilongwe

Chipatala cha Bwaila chinasintha dzina zaka zambiri zapitazo, koma mukakwera minibasi yochokera ku Kawale kapena ku Chilinde n'kutchera khutu, mudzamvabe amayi achikulire akunena kuti akupita ku Botomu. Dzinali linachokera ku Chingerezi, Bottom Hospital, kutanthauza chipatala cha kumunsi. Tsono pamene pali kumunsi ndiye kuti palinso kumtunda. M'nthawi ya atsamunda ku Lilongwe kunalidi chipatala china chotchedwa Top Hospital, chomwe chinali cha azungu, pamene cha kumunsichi, chomangidwa pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe m'zaka za m'ma 1930, chinali cha anthu akuda. M'chimangirizo chino ndikufuna kufotokoza momwe malo okhala akhala akukhudzira umoyo ndi imfa za anthu m'kachigawo kakang'ono ka mzindawu, kuyambira ku Old Town, kudutsa ku City Centre mpaka kumayadi a ku Area 10 ndi Area 43. Deralo munthu angalizungulire pagalimoto m'mphindi zowerengeka, koma muli mbiri ya zaka zoposa 100.

Atsamunda a ku Britain anakhazikitsa boma la Lilongwe m'chaka cha 1904. M'chaka chomwecho m'dziko muno munakhazikitsidwa lamulo lolembetsa kubadwa ndi kumwalira kwa anthu. Lamuloli linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Munthu wakuda amatha kubadwa, kukula, kudwala ndi kumwalira popanda dzina lake kulowa m'kaundula aliyense wa boma, kupatula kaundula wa msonkho. Kuti tione kukula kwa nkhaniyi, tiyerekeze ndi kwawo kwa atsamundawo. Ku England kulembetsa imfa kunayamba mu 1837, ndipo kolera itabuka ku London mu 1854, dokotala wina dzina lake John Snow anatenga mayina a omwalira, n'kuika chizindikiro pamapu posonyeza nyumba ya aliyense. Anapeza kuti imfa zambiri zinaunjikana mozungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chopukusira cha mjigowo. Phunziro lake linali lakuti imfa zikawerengedwa msewu ndi msewu, zimaloza pomwe pali vuto. Nzeru imeneyi atsamunda anali nayo pamene ankafika ku Lilongwe, koma anaigwiritsa ntchito pa anthu ochepa kwambiri. N'chifukwa chake mbiri ya umoyo wa anthu wamba a mumzindawu timaipeza m'malipoti a zipatala, m'kalembera, m'kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za posachedwa, ndiponso m'kamwa mwa akuluakulu.

Tauni yakaleyo inagawidwa ndi mtsinje. Kutsidya la kumadzulo, komwe lero kuli Area 3, kunali maofesi a boma, nyumba za azungu zokhala ndi makhonde aakulu ndi mabwalo otakasuka, ndi malo awo osewerera gofu. Kutsidya la kum'mawa kunali msika ndi masitolo a amwenye, omwe mabanja awo ambiri ankagona kuseri kwa sitolo komweko, m'dera lomwe lero ndi Area 2. Anthu akuda ogwira ntchito m'tauni ankakhala kunja kwa zonsezi, m'midzi yozungulira ndi m'malo ngati Kawale. Kugawa anthu motere sikunali tsankho lopanda chonamizira. Chonamizira chake chinali malungo. Ronald Ross atatsimikiza ku India mu 1897 kuti malungo amafala ndi udzudzu, madokotala ambiri a m'maiko olamulidwa ndi Britain anayamba kulangiza kuti mzungu azikhala kutali ndi nyumba za anthu akuda, makamaka kutali ndi ana, poti anawo ndiwo ankapezeka ndi tizilombo tambiri m'magazi. Ku Nigeria mpaka analamula kuti pakati pa madera awiriwa pazikhala malo opanda nyumba otalika pafupifupi mamita 400. Ine ndikaganiza za nzeru imeneyi ndimaona kuti inali yokhota. Madokotala anadziwa kuti ana akudwala kwambiri, koma yankho lawo silinali kuchiza anawo. Linali kusuntha nyumba ya bwana.

Chomwe chinakulitsa Lilongwe poyamba ndi fodya. Cha m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kulimbikitsa ulimi wa fodya pakati pa alimi a m'chigwa cha Lilongwe, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Ndalama za fodya zinakoka amalonda, akalaliki, amisiri ndi aganyu. Anthuwa anabwera m'dera lomwe linali litangodutsa m'chimfine choopsa cha 1918, chomwe chinafala m'dziko muno pamene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nthomba nayo inkabuka kawirikawiri m'chigawo chapakati. Agogo anga anali ndi chipsera chozungulira paphewa, ndipo ankati chimenecho ndi chiphaso chawo chosonyeza kuti nthomba inawalambalala. Kwa ife ophunzira chiyankhulo, mawu akuti katemera ndi ochititsa chidwi. Tsinde lake ndi kutema, monga mmene sing'anga amatemera mphini n'kupakamo mankhwala. Katemera wa nthomba ankaperekedwa pokanda khungu, choncho makolo athu anapatsa chinthu chachilendocho dzina la chinthu chomwe ankachidziwa kale. Lero mwana amalandira katemera wa jakisoni kapena wodonthezera m'kamwa, palibenso chotema, koma dzina lija linatsala. Nthombayo inatheratu, ndipo bungwe la World Health Organization linalengeza mu 1980 kuti yatha padziko lonse.

Mu 1947 Lilongwe anazindikiridwa kuti ndi tauni, ndipo bungwe loona za madzi la Lilongwe Water Board limawerengera chiyambi chake m'chaka chomwecho. Chaka chotsatira, 1948, kunabwera lamulo la zaumoyo la Public Health, lomwe limakamba za zimbudzi, zinyalala, matenda opatsirana ndi nyumba zosayenera kukhalamo anthu. Lamulo lomweli ndi lomwe boma linatsamirapo mu 2020 pokhazikitsa malamulo a Covid-19. Komabe tauniyo inali yaing'ono zedi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 19,425 okha, ndipo m'chaka chimenecho ndi pamene damu loyamba la Kamuzu linamangidwa pamtsinje wa Lilongwe ku Malingunde.

Zinthu zinatembenuka boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba. Britain inakana kupereka ndalama za ntchitoyi. Dziko la South Africa, lomwe nthawi imeneyo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho, linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo akatswiri ojambula mapulani a mzindawu anachokeranso komweko. Mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Cholinga chinali kumanga mzinda wooneka ngati munda wa maluwa: misewu yotakasuka, mitengo yambiri, ndi madera otalikirana olekanitsidwa ndi nkhalango ndi madambo. Nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndi imodzi mwa mipata imeneyi pakati pa Old Town ndi City Centre. Tisaiwale kuti a Banda anali dokotala amene anagwirapo ntchito ku Liverpool, North Shields ndi London, ndipo ankadziwa bwino zomwe kuthithikana kwa nyumba kumachita pa umoyo wa anthu. Mpweya wabwino ndi malo otakasuka zinalidi m'mapulaniwo. Funso ndi lakuti zinagawidwa bwanji.

Mapulaniwo sanatchule mtundu wa munthu. Anagawa anthu potengera kuchuluka kwa nyumba pamalo, zomwe kwenikweni zinatanthauza kukula kwa thumba. Madera ngati Area 10, Area 11, Area 12 ndi Area 43, omwe ali pafupi ndi City Centre ndi Capital Hill, anapatulidwira nyumba zikuluzikulu pa mapuloti aakulu. Kumeneku ndi komwe timati kumayadi kapena kumipanda. Area 18 inamangidwira ogwira ntchito m'boma a maudindo apakati. Anthu a ndalama zochepa anapatsidwa mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga Area 25, komwe munthu amalandira malo, n'kumanga yekha nyumba ya zipangizo zomwe angakwanitse, kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba ndi kutunga madzi pampopi wa anthu onse. Maderawa anaikidwa kutali ndi maso a alendo obwera ku Capital Hill. Mwa njira imeneyi mzere womwe kale unkatsata mtsinje wa Lilongwe unasanduka mzere wotsata malipiro a pamwezi. Katswiri wina wa ku Britain, Deborah Potts, analemba zambiri za kusamuka kwa likuluku ndi momwe mapulani ake analekanitsira anthu.

Anthu anabwera ochuluka kuposa mapuloti. Kalembera wa 1977 anapeza anthu 98,718. Wa 1987 anapeza 223,318. Wa 1998 anapeza 440,471. Wa 2008 anapeza 674,448. Ndipo wa 2018 anapeza 989,318. Ndiye kuti m'zaka 52 chiwerengero chinakula kuposa maulendo 50. Bungwe la Capital City Development Corporation linathetsedwa mu 1984, ndipo amene analowa m'malo mwake sanathe kuthamanga liwiro la anthu. Osowa puloti anapita kwa mafumu a midzi yomwe mzinda unaipeza kapena kuikankhira m'mphepete, n'kugula kapena kuchita lendi kumeneko. Umu ndi momwe anakulira Chinsapo, Mtandire, Mgona ndi Kauma. Lipoti la UN-Habitat la 2011 linati anthu 76 pa anthu 100 alionse a mumzindawu ankakhala m'madera osakonzedwa ndi mapulani. Mukayang'ana pamapu muona kanthu kena: pafupifupi dera lililonse la kumayadi lili ndi mnzake womata pambali. Mtandire wayandikana ndi Area 47, Kauma wayandikana ndi Area 12 ndi Area 43. Izi sizinangochitika. Nyumba ya kumayadi imafuna mlonda, wophika, wolera ana ndi wosamalira maluwa, ndipo anthu amenewa sangalipire minibasi ziwiri tsiku lililonse. Amafuna pogona pomwe angayende wapansi.

Pano ndiimepo pang'ono, chifukwa pali nyumba ina yomwe mabuku ambiri a mbiri ya mzindawu saitchula. Ndikunena kanyumba ka wantchito kuseri kwa nyumba yaikulu, komwe timakatcha boyizikota. Dzina lenilenilo ndi cholowa cha utsamunda, pamene bambo wa ana asanu ankaitanidwa kuti boyi. Amalume anga anagwira ntchito yophika kumayadi zaka zambiri, ndipo ndili wamng'ono ndinkakhala kwa iwo pa tchuthi. Kanyumbako kanali ka zipinda ziwiri zazing'ono, zomangidwira munthu mmodzi, koma tinkagonamo anthu asanu ndi awiri. Kunja kwa khomo kunali kapinga wothiriridwa tsiku ndi tsiku, mitengo ya mapeyala ndi mpanda wautali. M'kati mwa kanyumbako munali kuthithikana konga kwa ku Mtandire, mbaula ya makala ikuyaka pakhomo m'nyengo yozizira ya Juni. Ubwino wake unali umodzi waukulu: mpopi wa madzi ndi chimbudzi chogejemula. Ndikakumbukira bwino, ana a amalume ankadwala chifuwa ndi chimfine kawirikawiri, koma kutsegula m'mimba sikunkawavuta ngati mmene kunkativutira ife kwathu. Pa kalembera anthu onsewa amawerengedwa kuti ndi a dera la nyumba zotalikirana. Choncho ziwerengero za Area 10 zimabisa mabanja awiri osiyana kwambiri amene akukhala kuseri kwa geti imodzi.

Kodi nyumba imasanduka bwanji matenda? Njira yoyamba ndi ya madzi. Pa puloti ya lendi pamatha kukhala mabanja asanu kapena kuposerapo, chimbudzi chokumba chili chimodzi. Chikadzaza, mwini malo amakumba china pambali, ndipo malo akamachepa dzenje latsopano limayandikira chitsime. M'chilimwe vutoli silioneka kwambiri. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, madzi a pansi pa nthaka amakwera, zimbudzi zina zimasefukira kapena kugwa, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosaya ndi m'mitsinje. Madzi a pakiyosiki ndi otetezedwa, koma amagulidwa pa ndowa, ndiye banja limawaumira: akumwa ndi ophikira amagula, ochapira ndi osamba amatunga pachitsime. Mpopi ukauma masiku awiri, chitsime chomwecho chimasanduka cha madzi akumwa. Ngakhale madzi abwino amaipitsidwa m'nyumba momwemo, pamene kapu imodzi imamizidwa mu ndowa ndi manja a anthu khumi. Njira yachiwiri ndi ya mpweya. Chifuwa chachikulu chimafala mosavuta m'chipinda chopanda zenera lokwanira momwe anthu ambiri amagona pamodzi, ndipo utsi wa makala umafooketsa mapapo a ana, n'kuwatsegulira njira ya chibayo. Njira yachitatu ndi ya malo enieniwo. Munthu wosauka amamanga pomwe ena akana, m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje, momwe muli udzudzu ndi madzi osefukira. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi utasefukira, nyumba zambiri za zidina ku Mtandire zinagwa, ngakhale kuti madziwo analowanso m'nyumba za ku Area 47 ndi Area 49.

Mipope yotaya zonyansa inafika m'madera ochepa. Pamene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inkavomereza ntchito yokonza madzi ndi ukhondo ku Lilongwe mu 2017, anthu pafupifupi 5 okha pa 100 alionse ndi amene anali olumikizidwa ku mipope imeneyi. Nyumba zambiri za kumayadi zili ndi maenje ake a simenti otchedwa septiki thanki. Maiwe aakulu oyeretsera zonyansa za mumzindawu ali ku Kauma, pakati pa anthu amene iwo eni amadalira zimbudzi zokumba. Komanso mpope si chitetezo chosalephera. Mu Julayi 2017 anthu a ku Area 18 anaona madzi onunkha akutuluka m'mipopi ya m'nyumba zawo, zonyansa za mumpope wophulika zitalowa mumpope wa madzi akumwa, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti. Dziko lonse linadzidzimuka, manyuzipepala analemba masabata angapo. Ine ndinadzidzimuka nawo, koma ndinadzifunsanso kuti ndi zitsime zingati za ku Mgona zomwe zimakhala momwemo dzinja lililonse popanda mtolankhani kufikako.

Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977 ndi thandizo la dziko la Denmark, ndipo chinamangidwa pakati pa tauni yakale ndi yatsopano. Botomu anatsala ndi ntchito zolemera koma zosaoneka ulemu: amayi oyembekezera, odwala chifuwa chachikulu ndi odwala misala. Pofika m'zaka za m'ma 2000, pachipatala chakalechi pankabadwa ana oposa 10,000 pachaka, m'nyumba zomangidwira tauni yaing'ono ya m'nthawi ya atsamunda. Ziwerengero za dziko lonse zikusonyeza kulemera kwa nyengo imeneyo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti amayi 620 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2000 chiwerengerocho chinafika 1,120. Mu 2004 chinali 984. Mu 2010 chinatsika kufika 675. Ndipo mu 2015 mpaka 2016 chinali 439. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 alionse mu 1992 kufika pa 63 mu 2015 mpaka 2016. Nyumba yatsopano yochiliramo amayi inatsegulidwa pa Bwaila mu 2009, ndipo ina, ya Ethel Mutharika, inatsegulidwa pa Kamuzu Central mu 2010. Chichewa chathu chinanena kale zoona pa nkhaniyi. Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati kapena ndi wodwala, ndipo akabereka timati wachira. Mawuwa anapangidwa ndi anthu amene ankadziwa kuti si aliyense wolowa m'chikuta amatulukamo.

Pali matenda amodzi omwe sanatsate mzere wa kumtunda ndi kumunsi. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985. M'ulamuliro wa chipani chimodzi nkhaniyi sinkakambidwa momasuka, ndipo anthu anapeza mawu ozungulira: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, kapena kungoti matenda omwewa. Pamaliro ankangolengeza kuti malemu adwala nthawi yaitali. Kachilomboka kanakantha kwambiri anthu a m'tauni, ophunzira ndi a malipiro. Kafukufuku wa 2010 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 mpaka 49, anthu 17.4 pa 100 alionse a m'tauni anali nako, poyerekeza ndi 8.9 a kumidzi, ndipo kanali kochuluka pakati pa opeza bwino kuposa pakati pa osaukitsitsa. Maofesi a ku Capital Hill ndi ku City Centre anataya akalaliki, madalaivala, aphunzitsi ndi mabwana. Akalipentala a ku Mchesi, omwe kale ankadziwika ndi mipando ndi mabedi, anayala mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu. Galimoto za boma zinkathera masiku ambiri panjira, kunyamula maliro kupita kumudzi. Chizolowezi chokaika maliro kumudzichi chili ndi mbali yake m'nkhani yathu, chifukwa chimachotsa imfa m'tauni. Wodwala akafooka ankamutengera kwawo kuti akamwalire pakati pa abale, kapena akamwalira ankamunyamula. Manda a ku Area 18 ndi ku Kawale, ngakhale anadzaza msanga, sasonyeza imfa zonse za mzindawu. Zambiri zili m'manda a ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Thyolo. Harri Englund, yemwe anachita kafukufuku ku Chinsapo, anasonyeza bwino momwe munthu wa m'tauni ya Lilongwe amakhalira ndi phazi limodzi kumudzi.

Mpumulo unabwera pang'onopang'ono. Chipatala cha Lighthouse chinayamba ntchito pa Kamuzu Central mu 2001. Mu Febuluwale 2004, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi, Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi matendawa. M'chaka chomwecho boma linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mwaulere, ndipo mu 2006 pa Bwaila panatsegulidwa Martin Preuss Centre yothandiza odwala Edzi ndi chifuwa chachikulu pamalo amodzi. Mawu akuti mwaulere ndiwo anali mtima wa nkhaniyi. Mankhwalawo asanakhale aulere, bwana wa kumayadi amatha kuwagula, pamene mlonda wake ankangoyembekezera tsiku. Ndiye kuti matenda omwe anagwira onse mofanana anali atayamba kusankha opha potengera thumba.

Covid-19 inalowera khomo la kumtunda. Odwala atatu oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo onse anali a panyumba imodzi ku Lilongwe: munthu amene anali atangobwera kuchokera kunja, wachibale wake, ndi wantchito wa pakhomopo. Kwa miyezi ingapo anthu ambiri m'misika ankati awa ndi matenda a okwera ndege. Mu Januwale 2021 nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la masewero la Bingu linasandutsidwa chipatala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mumzinda womwe wophika amadutsa geti ya bwana m'mawa uliwonse n'kubwerera ku Kauma madzulo, mawa limenelo silichedwa.

Kolera ndiyo imatsata mzere wakale uja mokhulupirika. Inafika m'Malawi koyamba mu 1973. Anthu amene boma linalemba nthawi imeneyo kuti athandize kulimbana nayo, pamodzi ndi otemera nthomba a m'zaka za m'mbuyo mwake, ndiwo anali chiyambi cha alangizi a zaumoyo omwe lero amayenda khomo ndi khomo ndi kuyeza ana kusikelo. Matendawa amapha pochotsa madzi m'thupi. Munthu wamphamvu amene anadzuka bwinobwino m'mawa amatha kumwalira usiku ngati sanalandire madzi a mchere ndi shuga kapena diripi. Kuchiza kwake n'kotsika mtengo, koma kumafuna changu, ndipo changu chimadalira mtunda wa pakati pa nyumba ndi chipatala, msewu wodutsika m'dzinja, ndi ndalama ya kabaza pakati pa usiku. M'dzinja la 2001 mpaka 2002, pomwe dziko linalinso pa njala, anthu oposa 33,000 anadwala ndipo pafupifupi 1,000 anamwalira. Mliri woopsa kuposa yonse unayamba mu Malichi 2022 m'chigawo cha kumwera, mphepo yamkuntho ya Ana itangodutsa. Mosiyana ndi miliri ya m'mbuyo, uwu sunazime m'chilimwe. Unafika ku Lilongwe, ndipo mvula itayamba unakolera ngati moto wa m'tchire. M'dziko lonse anthu oposa 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Boma la Lilongwe, komwe kuli likulu la dziko, unduna wa zaumoyo ndi chipatala chachikulu cha chigawo chapakati, ndilo linataya anthu ambiri kuposa boma lina lililonse.

Pa Bwaila anamanga matenti ogonekamo odwala, mabedi ake oboola pakati, ndowa pansi. Amene ankabwera nawo anali ochokera m'madera omwe ndatchula aja, a zitsime zosaya ndi zimbudzi zogawana. Maliro a kolera sankaloledwa kugonedwa kapena kusambitsidwa ndi abale monga mwa mwambo. Ogwira ntchito zaumoyo ndiwo ankakonza thupi ndi mankhwala a klorini n'kuliika msanga, ndipo izi zinautsa mkwiyo ndi mphekesera m'madera ena. Kumayambiriro kwa Januwale 2023 boma linaimitsa kutsegulira kwa sukulu za pulayimale ndi sekondale m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kwa masabata awiri. Lamulolo linakhudza ana onse, a ku Mgona ndi a ku Area 43 omwe. Katemera wakumwa anaperekedwa, alangizi a zaumoyo anagawa klorini m'makomo, ndipo boma linalengeza mu Julayi 2024 kuti mliriwo watha.

Lamulo lija la 1904 linalowedwa m'malo ndi lamulo la National Registration la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kuyambira pamenepo kubadwa ndi kumwalira kwa munthu aliyense m'Malawi kuyenera kulembetsedwa, kaya wamwalirira pa Kamuzu Central, m'boyizikota ya ku Area 10 kapena m'nyumba ya lendi ku Chinsapo. Panatenga zaka 111.